Airbrush yanu yoyamba: siyani kuthamangira nozulo ya 0.2

Funso lake ndi lomwelomwelo, ndipo landikwana. Munthu wagula kandege ka pulasitiki ka m'bokosi, wakamanga bwinobwino, wakapaka penti ndi burashi n'kuona kuti mizere ya ubweya yatsala paliponse, ndiye watsimikiza mtima kuti agula airbrush, kachida kopopera penti ndi mpweya. Kenaka chithunzi chimandipeza pa WhatsApp: "Amalume, iyi ndi ya 0.2 mm, akuti ndiye yojambula mizere yowonda kwambiri. Ndigule?" Musagule. Ntchito yanga ndi kupanga timafanizo ta nyumba ta anthu ojambula mapulani, ndipo ndisanayambe zimenezi ndinkapopera magalimoto ku Graniteside, dera la mafakitale kuno ku Harare. Ndikamakana chonchi si nsanje ayi. Ndatopa ndi kulandira ma airbrush otsekeka, okulungidwa m'nyuzipepala, eni ake akunena kuti anagulitsidwa chinthu chakufa pomwe chinthucho chilibe vuto lililonse.

Nambala imeneyo ndi kukula kwa nozulo, kabowo kotulukira penti. Penti wa timafanizo si inki. Muli tinjere ta mtundu, ndipo tinjere ta penti woyera, wa siliva ndi wa pulaimara (penti woyambira kupaka kuti enawo agwire) n'tokulirapo. Kabowo ka 0.2 kamafuna penti wosungunulidwa ndi munthu wodziwa, ndipo inu simunadziwe. Mupopera masekondi ochepa, itseka, ilavula dontho pa phiko lomwe munali mutamaliza, mumasula, mutsuka, mumanganso, itsekanso, mpaka tsiku lanu lopuma latha musanapake kanthu. Nanga mzere wowondawo mukaugwiritsa ntchito pati? Kandege ka Spitfire ka 1:72, kutanthauza kochepa maulendo 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni, kuchokera nsonga ya phiko ili kukafika nsonga ya linalo, ndi masentimita pafupifupi 16. Ntchito yaikulu pa kandege kotere ndi kupaka pulaimara, mtundu wa pansi, mtundu wa pamwamba ndi vanishi, ndipo malire a mitundu mumatchinga ndi tepi. Pa kasinja wa 1:35 kapena galimoto ya 1:24 ndiye 0.2 idzakutopetsani dzanja chabe. Tengani ya pakati pa 0.3 ndi 0.5. Ya 0.35 m'dzanja lozolowera imajambula mzere wowonda kuposa umene wongoyamba angatulutse ndi 0.2, chifukwa kuwonda kwa mzere kumachokera ku chala, ku mphamvu ya mpweya ndi ku mtunda umene mwasiya pakati pa nsonga ndi pulasitiki. Amene akuumirirabe, akulu ananena kale kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Za single action ndi double action sindichedwapo. Gulani double action ya kakapu pamwamba. Mukadina pamatuluka mpweya, mukakokera kumbuyo pamatuluka penti, basi. Wokuuzani kuti muyambe ndi single action, ija mukadina mpweya ndi penti zimatuluka pamodzi, chifukwa ndi yophweka akufuna mugule kawiri. Sindikunyoza Paasche H, imapaka thupi la galimoto mosalala ndipo sikalamba, koma siyikuphunzitsani chala. Kakapu ka pamwamba n'kabwino chifukwa mumathiramo madontho ochepa, penti amatsika yekha kotero simufuna mpweya wambiri, ndipo kutsuka kwake n'kwachangu. Ya botolo la pansi imafuna penti wambiri kuti kapaipi kake kayambe kukoka, pomwe kabotolo ka penti wa Tamiya ndi ka 10 ml kokha ndipo kayenda ulendo wautali kuti kafike ku Harare.

Mayina amene mudzakumana nawo ndi Iwata Eclipse HP-CS ya 0.35, mng'ono wake wotsika mtengo Iwata Neo CN wa 0.35 yomweyo, Badger Patriot 105 ya 0.5, Procon Boy PS-289 ya GSI Creos ya 0.3, ndi Ultra ya Harder & Steenbeck. Zonsezi n'zabwino, ndipo palibe imene ingakupangitseni kukhala katswiri. Ine ndimakondera zomwe nozulo yake ilibe mazinga, yongoikidwa pamalo pake n'kupanikizidwa ndi chivindikiro, monga Eclipse, Patriot ndi za Harder & Steenbeck. Chifukwa chake ndi ichi. Nozulo ya mazinga imabwera ndi kasipanala kakang'ono m'bokosi. Wongoyamba akaona kasipanala amaganiza kuti ayenera kumanga mwamphamvu. Amakhota kamodzi kowonjezera, pamamveka kuti "tswa" pang'onong'ono, mutu wa nozulo uli m'manja, mazinga atsalira m'kati mwa thupi la airbrush. Nozulo imeneyi imamangidwa ndi zala ziwiri, ikangogwira mwasiya.

Koma kuno dzina lolembedwa pa chitsulo si nkhani yaikulu. Nkhani ndi yakuti singano, ija ya m'kati yotsegula ndi kutseka nozulo, ikapindika nsonga, ina muipeza kuti? Ndipo idzapindika, chifukwa tsiku lina airbrush idzagubuduka pa tebulo n'kugwera pa simenti. Zambiri za ntchito imeneyi zimachokera ku South Africa, kudzera pa Beitbridge n'kudzatsikira pa siteji ya mabasi ya Roadport m'chikwama cha munthu amene mwamutuma, kapena zimabwera ndi wachibale wochokera ku UK pa Khirisimasi. Ndiye poitanitsa airbrush, itanitsani pamodzi singano ina ndi nozulo ina za nambala yomweyo. Singano ya 0.3 ya kampani ina siilowa bwino mu nozulo ya 0.3 ya kampani inzake, musanamizidwe. Funsaninso za paipi: za Iwata ndi za Harder & Steenbeck zili ndi mazinga a 1/8 BSP, omwe makompuresa (makina opopa mpweya) ang'onoang'ono ambiri ali nawo, koma Badger ndi Paasche zili ndi mazinga awoawo ndipo zimafuna adaputa. Kanthu kakang'ono kameneka kangakuimitseni mwezi wathunthu mukudikira basi ya ku Johannesburg.

Nanga zopanda dzina zija za m'mashopu a m'tauni, zogulitsidwa pamodzi ndi zida zokongoletsera makeke ndi zikhadabo? Sindizikana. Zina zimapopera bwino ndithu, ndipo ndi bwino kuthyola nozulo yotchipa pophunzira kusiyana ndi kuthyola yodula. Chimene ndimakana ndi kulipira mtengo wa Iwata pa chinthu chomwe changodindidwa dzinalo. Mtengo ukatsika modabwitsa, dziwani kuti si yeniyeni. Musanapereke ndalama, pemphani kusolola singano, muigubuduze pa galasi la kauntala. Nsonga ikamavina, siyani. Yang'anani kutsogolo, nozulo ikhale pakatikati pa chivindikiro chake, osati yotsamira mbali. Dziwaninso kuti zotchipa zambiri zili ndi timphira m'kati m'malo mwa pulasitiki yolimba ya Teflon, ndipo timphirato timatupa tikakumana ndi mankhwala aukali osungunulira penti, aja timati thinner. Mukakhala ndi ndalama zochepa, gulani airbrush yotchipa ndi kompuresa yabwino. Anthu amachita zosiyana ndi zimenezi, n'chifukwa chake amalira.

Mpweya ndiye mwini wake wa ntchito. Mukufuna kompuresa yokhala ndi thanki, geji, chochepetsera mphamvu ya mpweya ndi kagalasi kotchera madzi. Yotchuka ndi ija imagulitsidwa m'mayina osiyanasiyana koma nambala yake ndi AS186, ya thanki ya malita 3. Yopanda thanki imalira nthawi yonse mukamapopera, imatentha, ndipo mpweya wake umabwera modukizadukiza. Mphamvu yoyambira ndi 15 mpaka 20 psi, kapena kuti 1 mpaka 1.4 bar ngati geji yanu yalembedwa motero, ndipo muziiwerenga mutadina batani, mpweya ukutuluka. Wachibale wa ku America akafuna kukutumizirani kompuresa, muuzeni akutumizireni ndalama. Kwawo magetsi ndi 110 mpaka 120 V, kwathu ndi 220 mpaka 240 V, ndipo mukailumikiza pakhoma popanda thiransifoma muinunkhiza ikupsa. Zitini za mpweya zimazizira mukamapopera, mphamvu n'kutsika pakati pa ntchito, ndipo zitini zingapo zokha zimadya ndalama ya kompuresa. Timakompuresa ta batire tomangirira pansi pa airbrush timathandiza magetsi akathima, koma mphamvu yake simungaisinthe mmene mukufunira. Amene muli ndi kompuresa yaikulu ya mu galaja, muli pabwino: idzazeni magetsi akadalipo, ikani chochepetsera mphamvu ndi sefa ya madzi ndi mafuta, thanki ya malita 24 kapena 50 ikupopetsani nthawi yaitali kunja kuli zii.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi zake. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mpweya umadzadza chinyezi, madzi amasonkhana mu thanki ndi mu paipi, ndipo tsiku lina adzatuluka pa nsonga n'kuwaza pa bonet ya kagalimoto kanu ka pulasitiki. Pansi pa thanki pali kabawuti kotulutsira madzi. Kamasuleni mukamaliza, mudzaona madzi a dzimbiri amene amatulukamo. Seputembala ndi Okutobala vuto limatembenuka. Kumatentha, kumauma, penti amauma ali m'mlengalenga asanafike pa pulasitiki, ndiye mukasisita ndi chala mumamva kukhakhala. Pamenepo yandikirani, tsitsani mpweya, wonjezerani thinner pang'ono, ndipo poperani m'mawa. Mu Juni ndi Julayi dikirani dzuwa likwere kaye.

Tsopano za akatswiri a m'mbali mwa msewu. Pali amene akukuuzani kuti kompuresa ya m'sitolo n'kutaya ndalama, iwo akupangirani yotchipa ndi mota ya fuliji yakale n'kuilumikiza ku silinda ya gasi kapena ya chozimitsira moto. Ndimalemekeza amisiri a ku Magaba ndi ku Siyaso, misika ya ku Mbare, amakonza zinthu zomwe ena anazitaya kale, ndipo mota ya fuliji ndi yachete zedi, n'zoona. Koma mota imeneyo imatha kukankha mpweya kufika pa mphamvu yoposa kwambiri imene airbrush imafuna, ndipo siidziwa kuleka yokha. Popanda switchi yoizimitsa mpweya ukakwana, popanda valavu yotulutsa mpweya wopitirira, chimene mwaika pansi pa tebulo ndi chitsulo choyembekezera kuphulika. Silinda yakale simudziwa kuti m'kati yadyeka bwanji ndi dzimbiri, ndipo ya gasi ikawotcheredwa ili ndi katsalira m'kati imapha wowotcherera yemweyo. Komanso mota ya fuliji imalavula mafuta mu mpweya, ndipo penti sagwira pa mafuta. Wokupangirani akapanda kukuonetsani valavu ndi switchi zikugwira ntchito pamaso panu, musanyamule.

Kusungunula penti: akhale ngati mkaka wa m'paketi, woti mukaukweza ndi burashi m'mbali mwa kakapu utsike wokha n'kusiya kamtundu kopyapyala. Penti aliyense ndi thinner wake. Tamiya wa acrylic amayenda ndi X-20A, yambani theka ndi theka. Vallejo musamuthire spirit, amaundana m'kakapu momwemo. Humbrol wa m'titini ta 14 ml ndi enamel, safuna madzi. Thinner wa ku hadiweya amatsuka chitsulo bwino koma amasungunula pulasitiki ya kandege kanu. Yesererani pa masipuni a pulasitiki musanakhudze chinthu chimene mwamanga masabata angapo. Ndipo kutsuka si kwa mawa. Mukasintha mtundu, tsukani. Mukamaliza, sololani singano muipukute. Ma airbrush ambiri amene amandibweretsera kuti afa amangokhala ndi penti wa mwezi watha atauma kuseri kwa nozulo. Wina ndiye amatokosa ndi singano yosokera, n'kung'amba kabowo.

Zonsezi ndi za ndalama, ndalama zimapezekanso. Chimene chimandisowetsa tulo ndi china.

Panali mnyamata wina wa ku Mufakose, wokonda magalimoto a 1:24. Dzanja lake linali labwino kuposa la anthu ambiri amene ndagwira nawo ntchito. Ankatchinga tepi mozungulira zitseko mopanda kudontha ngakhale pamodzi. Ankafuna kuti magalimoto ake aziwala ngati enieni, ndipo mnzake wa pa galaja ina anayamba kumupatsa zotsala za vanishi wa magalimoto, uja wa 2K wosakaniza ndi mankhwala oumitsa otchedwa hardener, m'timabotolo ta mankhwala a chifuwa. Vanishi ameneyo amawaladi, palibe angatsutse. Ankapopera madzulo m'chipinda chomwe ankagona ndi mng'ono wake, atatseka zenera kuopa fumbi kugwera pa vanishi wosauma, kukamwa atavala kansalu kotsala nthawi ya Covid. Hardener wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate. Kuopsa kwake n'kwakuti thupi limayamba kudana nawo pang'onopang'ono, ndipo likangodana nawo, kachidutswa kakang'ono kokha kamatseka chifuwa. Ku magalaja otsata malamulo, wopopera 2K amavala chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera mu paipi, ali m'chipinda chokoka utsi. Mwanayu anali ndi kansalu.

Chifuwa chinayamba usiku. Masana ali bwinobwino, apopera madzulo, pakati pa usiku adzuka akutsokomola, m'chifuwa mukulira. Chifukwa choti vuto limabwera patapita maola, sanaganize za penti. Anati ndi chisanu. Atauza anzake a ku galaja, anamuuza zimene opopera magalimoto akhala akuuzana kuyambira kale: ukamaliza kupopera, imwa mkaka, umatsuka penti m'chifuwa. Anthu inu, mkaka umapita m'mimba, penti amapita m'mapapo. Njira zake n'zosiyana. Bodza limeneli ndinalipeza ku Graniteside ndili mnyamata ndipo mpaka lero likadali ndi moyo, mabwana ena amagula paketi ya mkaka m'malo mogula masiki chifukwa mkaka ndi wotchipa. Mkaka utalephera, anagula ka botolo ka mankhwala "otsuka chifuwa" kwa munthu wina pa siteji ya makombi. Anapitiriza kupopera miyezi ingapo. Amayi ake ndi amene anadzandipeza. "Achimwene, mwana wanu uja usiku sakugona, akuchita kukhala tsonga kuti apume. Kodi si zopakapaka zanuzi?" Ku chipatala anamupeza ndi mphumu, munthu amene sanadwalepo mphumu chibadwire. Lero amayenda ndi ka inhaler m'thumba. Akadutsa pafupi ndi galaja yomwe akupopera, chifuwa chimamugwira. Maloto ake anali odzaphunzira ntchito yopopera magalimoto, ndipo ntchito imeneyo sangaigwirenso. Akanapita msanga atangoyamba kutsokomola, n'kusiya vanishiyo pomwepo, mwayi wochira ukanakhala waukulu, chifukwa mphumu yamtunduwu imakhazikika munthu akapitiriza kupuma mankhwalawo zizindikiro zitayamba kale.

Ndiye 2K asalowe m'nyumba mwanu, ngakhale akupatseni ulere. Kuwala mungakupeze ndi vanishi wa timafanizo ndi kupukuta moleza mtima. Ndipo musaganize kuti penti wa madzi alibe vuto chifukwa sanunkha. Airbrush imaswa penti kukhala nkhungu yopyapyala imene imayandama m'chipinda mutasiya kale kupopera. Minani pa kansalu koyera mutapopera mtundu wofiira popanda masiki, mudzadzionera nokha. Pa acrylic wa madzi valani masiki ya FFP2 kapena N95 yogwira bwino pankhope. Pa enamel, pa lacquer monga Mr. Color, ngakhale pa Tamiya yemwe ali ndi spirit, mukufuna masiki ya mphira ya masefa awiri olembedwa A ndi P, monga A2P3. Imapezeka m'mashopu ogulitsa zovala zodzitetezera pa ntchito, ku Graniteside, ku Southerton kapena ku Msasa, ndipo mtengo wake muuwerengere pamodzi ndi wa airbrush kuyambira tsiku loyamba. Masefa amatha mphamvu. Mukayamba kumva fungo muli mutavala, asintheni, ndipo mukamaliza ntchito asungeni m'pulasitiki yotseka. Ndevu zambiri zimalowetsa mpweya m'mbali. Poperani pakhonde kapena pa zenera lotsegula, fani ikukankhira kunja, kutali ndi mbaula, kandulo ndi chitofu cha gasi, chifukwa thinner amayaka. Ambiri a ife timakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndikudziwa, koma pomwe pagona mwana sipopopera.

Ngati munayamba kale ndipo mukutsokomola usiku, m'chifuwa mukulira, maso akuyabwa kapena mphuno ikuchucha mukatha kupopera, lekani lero ndipo mupite ku kiliniki ya khonsolo sabata ino, osati kwa wa mabotolo pa siteji. Tengani chitini cha penti ndi cha hardener, kapena jambulani zolembedwa pa chitinicho ndi foni. Anamwino sangalote kuti mumapopera m'chipinda, ndiye auzeni nokha: mumapopera chiyani, vuto limayamba nthawi yanji, ndipo ngati limachepa masiku amene simunapopere. Chifuwa chopitirira masabata 2 ayenera kukuyezaninso TB, musakane. Mpweya ukabanika moti simungamalize chiganizo, imeneyo si ya mawa, pezani galimoto usiku womwewo. Amene amagona nanu m'chipindamo mupite nawo limodzi akayezedwe.